Mudzi wa a Nkhoma Kulibe

Kwathu kwa Mlolo munthu ndi wa mayi ake. Munda umalima wa kuchikazi, mudzi ndi wa kuchikazi, ndipo ukafa amakuika pafupi ndi abale a mayi ako. Kwa bambo umatengako chinthu chimodzi chokha, chiwongo, dzina lija anthu amakuthokozera nalo ukawapatsa madzi akumwa. Ine atate anandisiyira chimenecho basi. Anabwera m'mudzi mwathu kudzakwatira, anamanga nyumba, analima pang'ono, ndipo ine nditangoyamba kuyenda ananyamuka kupita ku Halale kukafuna ntchito. Sanabwerenso. Nkhope yawo sindiidziwa. Anali a Nkhoma, ndiye inenso ndine Nkhoma, kaya ndifune kaya ndisafune.

M'mudzi mwathu munadzaza a Phiri ndi a Banda. A Mbewe analiponso angapo. Nkhoma ndinali ndekha, ndipo ana sachedwa kumuona munthu amene ali yekha. Tsiku lina kusukulu aphunzitsi anatifotokozera nkhani ija aliyense amaidziwa kale, yoti makolo ali paulendo ena anagona pamwamba pa phiri n'kukhala a Phiri, ena anawanda udzu m'munsi mwake n'kukhala a Banda. Ine ndinakweza dzanja n'kufunsa kuti nanga a Nkhoma anagona pati. Aphunzitsi asanayankhe, mnyamata wina kumbuyo anati, "Anagona ku Halale." Kalasi yonse inaseka, ndipo aphunzitsi nawonso anabisa pakamwa ndi buku. Sindinafunsenso.

Sukuluyo ndinaisiyira mu Sitandade 4. Mutu ndinali nawo, zimenezo ndikunena popanda manyazi. Koma amalume, mlongo wawo wa amayi, ndiwo anali ndi mawu pa ine, ndipo anaona kuti ng'ombe zawo zikundifuna kwambiri kuposa buku. Anati kuwerenga kwakwana. Anzanga amene ndinkawaposa masamu anapita kusukulu yogonera komweko, ine ndinatsala ndikuyang'ana michira ya ng'ombe. Atate akadakhalapo mwina akadalankhulapo. Mwina ayi. Chimene ndinkadziwa n'chakuti dzina anandisiyiralo linali lisanandithandizepo ngakhale kamodzi.

Zimene ndikufuna kulemba zinachitika m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo, nthawi imene akuluakulu ankangokhalira kukangana za Chitaganya, chija azungu anaphatikiza nacho maiko. Ndinali nditakula ndithu, ndevu zitayamba. Amayi ena pochokera kuchitsime anapeza munthu atagona pansi pa mango, m'mbali mwa njira yochokera kwa Apwitikizi, imene anthu obwerako ku Halale ankadzera. Anali bambo wa imvi zoyamba kumene, woonda, atatsamira kabokosi kachitsulo. Mwendo wake wamanzere unali utatupa ngati mtondo, wokulungidwa ndi chinsanza, ntchentche zili piringupiringu.

Anthu anasonkhana, koma anaima patali, manja kumbuyo. Madzi anamupatsa. Koma wonena kuti tiyeni kunyumba kwanga panalibe. Sikuti anthu akwathu ndi ouma mtima. Mlendo akafera m'nyumba mwako, mlandu ndi wako. Sungamuike m'manda abale ake asanadziwe, uyenera kuyenda kukawafuna, ndipo akabwera amafunsa kuti unamudyetsa chiyani. Munthuyu aliyense ankaona kuti imfa yakhala naye pafupi.

Amalume ndiwo anafunsa, atanyonyomala chapatali.

"Kwanu n'kuti, akulu?"

"Cha ku Zemba," anayankha munthuyo, mawu ali pansi.

"Chiwongo?"

"Nkhoma."

Mitu yonse inatembenukira kwa ine. Ndinaona nkhope zikumasuka ngati za anthu amene atula mtolo wa nkhuni. Msuweni wanga, mwana wamkazi wa amalume, amene pakamwa pake sipatsekeka, anandigunda ndi chigongono.

"Atate ako afika. Pita ukawalandire bokosi, mwina muli nsapato zako."

"Si atate anga."

"Wadziwa bwanji? Unawaonapo?"

Pomwepo amayi anafika. Wina anali atathamanga kale kukawauza kuti kwabwera a Nkhoma ochokera ku Halale. Anabwera ufa uli m'manja, koma ndinaona kuti mpango wa kumutu aumanganso bwino. Anagwada pafupi ndi munthuyo n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Anthu onse ankayang'ana mlendo, ine ndinkayang'ana amayi. Kenako anapukuta manja pachitenje.

"Si iwo," anatero, osauza munthu aliyense. Anaomba m'manja pang'ono. "Takuonani, a Nkhoma." Ndiyeno anatembenukira kwa ine. "Nyamula mbale wako."

"Mbale wanga uti? Munthuyu sindimudziwa."

"Chiwongo chako n'chiyani?"

"Nkhoma."

"Ndiye nyamula. Ndipo usati munthuyu. Ndi atate ako aang'ono."

Tinawagoneka m'gowelo mwanga, kanyumba kanga ka unyamata. Fungo la chilonda linandithamangitsa, ndinasamukira pakhonde. Bambowo anati anaponda chitsa chakuthwa akudutsa kwa Apwitikizi, ndipo anapitiriza kuyenda chifukwa kumeneko kunalibe poima. Amayi ankatsuka chilondacho ndi madzi otentha a mchere, ankawamwetsa phala. Sizinathandize. Thupi linkatentha, kutupa kunkakwera kulowera kubondo. M'mawa wina bambowo anandiitana.

"Mnyamata, undiperekeze kwathu. Kuli mlongo wanga. Ndisafere m'nyumba ya eni."

"Nyumbayi ndi yanga, ndipo inenso sindikufuna kuti mufere muno."

Anaseka, ndipo kusekako kunathera m'chifuwa.

Amalume atamva zimenezi anachita chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Anatulutsa njinga yawo. Njinga imeneyo inkagona m'nyumba itafunda nsalu, ndipo mwana akangogwira belu ankalawa mkwapulo. Tsiku limenelo anaikankha okha mpaka pakhomo panga. Mpamene ndinadziwa kuchuluka kwa mantha awo.

"Ukawasiye m'manja mwa mlongo wawo ali moyo," anatero. "Akakufera panjira, zako zimenezo, ndi abale ako. Ndipo njingayi isakandike."

Ndinamvetsa bwino. Akafa panjira, ndikhala ndekha ndi mtembo pakati pa anthu osandidziwa, wopanda wondithandiza kuunyamula, wopanda wondichitira umboni kuti sindinawaphe ndine pofuna bokosi. Ndinayenera kuwafikitsa akupuma.

Tinayala thumba pakaliyala n'kuwakhazika. Bokosi tinalimangirira pachitsulo chapakati ndi luzi. Linali lolemera ngati muli miyala. Kupalasa kunali kosatheka chifukwa cha mchenga ndi katunduyo, ndiye ndinkangokankha. Amayi anatiperekeza mpaka pamango paja, anandipatsa chinangwa chophika, n'kubwerera osacheuka.

 Ndinali ndi funso limodzi ndipo ndinkadana nalo. Titawoloka dambo loyamba linatuluka lokha. Ndinatchula dzina la atate, n'kufunsa ngati anakumana nawo.

"Kumeneko anthu amasintha maina, amatenga achizungu," anatero. "Koma a Nkhoma ndakumana nawo ambiri. Wina ankaphika kwa mzungu. Wina ankakumba misewu, wa ku Nyasalande. Ena anali m'mafamu a fodya. Wina anali wa kwa Apwitikizi, Chichewa chake chopindika, koma Nkhoma ndithu. Atate akowo ndi aatali kapena aafupi?"

"Sindidziwa."

"Akuda kapena oyererako?"

"Ndati sindidziwa."

"Ndiye ndikuyankhe chiyani, mwana wanga?"

Ndinakankha njinga mwamphamvu pamizu ya mtengo mpaka anabuula. Patsogolo pang'ono ndinafunsa lina, lija la kusukulu, lakuti dzinali linayamba bwanji.

"Atate anga ankati makolo athu anali osula. Ankakhoma chitsulo, makasu ndi nkhwangwa, ndipo anthu akamva kukhomako ankati tiyeni kwa a Nkhoma. Koma wa ku Nyasalande uja anandikanira. Anati kwawo kuli phiri la dzina limenelo, tonse tinachokera kumeneko. Tinakangana mpaka tiyi anazizira."

"Zoona ndi ziti?"

"Sindinalipo."

"Ndiye palibe chimene mukudziwa."

"Ndikudziwa kuti tayala lako lakumbuyo laphwa."

Linalidi litaphwa. Munga. Ndinawatsitsa n'kukhala pansi, ndikuona nkhope ya amalume m'mutu mwanga. Bambowo anati nditsegule bokosi. Nsapato munalibe. Munali masipanala, pampu, zigamba za labala ndi kachitini ka guluu. Zaka zonsezo ankakonza njinga kuseri kwa sitolo ya Mmwenye. Mphamvu analibe, ndiye ntchitoyo inagwera ine, iwo ankangonena. Nditulutse chubu. Ndipope pang'ono, ndiyendetse pafupi ndi tsaya mpaka ndimve kamphepo. Ndipalepo ndi mwala. Ndipake guluu.

"Tsopano dikira aume."

"Nthawi ndilibe."

"Dikira."

Sindinadikire. Chigamba chinamatuka nditangopopa, ndipo ndinayambiranso, iwo akuyang'ana kumwamba ngati nkhaniyo sakuidziwa. Kachiwiriko ndinadikira. Tayala linalimba. Ndinalidina ndi chala kangapo ndipo linali gwa. Ndinakondwa, koma sindinawaonetse.

Mwina kukondwako n'kumene kunandichititsa kufunsa ngati ali ndi ana. 

"Mmodzi, wamkazi. Ndinamusiya akuyamwa, kumudzi kwa mayi ake. Pano ayenera kuti nayenso ndi mayi."

Ndinaimitsa njinga pakati pa njira. Kuyambira m'mawa ndinkatuluka thukuta chifukwa cha munthu amene anachitira mwana wake zomwe atate anandichitira ine.

"Chinakuletsani kubwera n'chiyani?"

"Chaka choyamba umati ndipeze kaye bulangete la mkazi. Chachiwiri umati ndipeze kaye njinga. Kenako umaona kuti wachedwa, ndiye umachita manyazi. Manyazi aja amakula chaka ndi chaka."

"Mwanayo ankadya manyazi anuwo?"

"Ayi."

"Ankafunda manyazi anuwo?"

"Ayi."

Ndinkafuna kuti akangane nane, koma sanatero. Anangoti, "Ukafuna kundisiya, undisiye pamthunzi." Ndinayang'ana uku ndi uku. Tinali pakati pa lupsa, mitengo yonse yopanda masamba. Mthunzi panalibe. Ndinayambanso kukankha.

Dzuwa litapendeka anayamba kulankhula zosamveka, kumaitana mlongo wawo ngati ali pomwepo. Ankapendekera uku ndi uku, ine ndikuwatchinga ndi phewa. Tikufika kumapeto kwa mudzi wina umene ndinali ndisanaulowepo, anatsetsereka n'kugwera mumchenga. Milomo inali itauma, maso atatembenuka. Ndinaganiza kuti zija ananena amalume zafika.

Ana anatizungulira. Akuluakulu anaima patali, manja kumbuyo. Kaimidwe kameneko ndinkakadziwa. Ndinadziwanso chimene chimakathetsa, pakuti ndinali nditachiona kwathu. Ndinakweza mawu.

"Kodi m'mudzi muno mulibe a Nkhoma?"

Anthu anayang'anana, ndipo nkhope zinamasuka monga zinachitira za kwathu. Kamtsikana kena kanathamanga. Posakhalitsa kunabwera mayi wamkulu thupi, gaga ali m'tsitsi, achita kumuchotsa pamtondo.

"Ndani akufuna a Nkhoma?"

"Ine, amayi. Tonse awiri ndife a Nkhoma. Awa akudwala."

Sanafunse dzina langa, kapena la atate, kapena la mudzi wathu. Anayang'ana mwendo, anagwira pamphumi.

"Ndiye mwaimiranji padzuwa ngati alendo?" Anatembenukira kwa bambo wina wamfupi pakati pa oima aja, amene anali mwamuna wawo. "Inu, gwirani miyendo."

"Mayi, nanga munthuyu akatifera?"

"Akafa wolira ndine, inu mudzangotema nkhuni. Gwirani."

Anagwira. A Nankhoma aja anawagoneka pamphasa yawo, anawafunditsa nsalu yonyowa, n'kumawamwetsa thobwa pang'onopang'ono mpaka maso anabwerera. Ine anandipatsa madzi osamba m'miyendo. Ankanditcha mlongo wawo, ngakhale kuti pa msinkhu akanatha kundibala. Ndinafunsa kuti a Nkhoma alipo angati m'mudzimo.

"Ndine ndekha. Mng'ono wanga anamwalira, alongo anga anakakwatira kwina."

"Sakusekani?"

"Amandiseka. Inenso ndimawaseka. A Phiri achuluka ngati nyerere, wina akasowa sadziwika n'komwe. Ine ndikasowa mudzi wonse umafunsa."

Tinagona kumeneko. Kutacha bambowo anali atatsitsimuka, ndipo a Nankhoma anagamula kuti tisapite ku Zemba tisanadzere kuchipatala pa Chadiza. Bambowo anakana. Anati kuchipatala akawadula mwendo, kuli bwino akafere kwawo ali athunthu.

"Mlongo," anatero a Nankhoma, "mwendo ndi wanu, koma mukafera pafupi pano maliro akhala anga, ndipo chimanga cha maliro ndilibe. Mupita."

Kenako anandilongosolera njira. Sanatchule maina a midzi, anatchula anthu. Ndikawoloka mtsinje ndifunse a Nkhoma oluka mphasa, ndipo ndikalankhule mokweza chifukwa ndi ogontha. Pa Chadiza ndifunse Nankhoma wina, mkazi wa mesinjala wa boma, wolongolola koma akatisunga.

"Mumawadziwa bwanji onsewa?"

"Ena anadutsa pano monga mwadutsiramu. Kwa ena ndinadutsa ndine."

Zinayenda monga ananenera. Oluka mphasa aja sanamve theka la zimene ndinanena, koma chiwongo anachimva, ndipo anatuma mwana wawo kuti andithandize kukankha mpaka titakwera chitunda. Mkazi wa mesinjala anadandaula kuyambira pamene tinafika mpaka pamene tinachoka. Anadandaula za fungo, za nkhuni, za a Nkhoma amene amangobwera akadwala. Anatipatsa khitchini yake kuti tizigonamo, ndipo sitinagone ndi njala.

Kuchipatala tinapeza bambo wothandiza odwala amene anthu onse ankangomutcha dokotala. Mwendo sanadule. Anang'amba chotupacho, mafinya anatuluka odzaza mbale, ine nditagwira bambowo mapewa, iwo akuitana mayi awo amene anafa kalekale. Anawabaya majakisoni, n'kutiuza kuti tizibwera m'mawa uliwonse kudzatsukitsa. Masiku oyamba sindinkaona kusintha. Ndinkadzuka n'kuyamba ndayang'ana ngati chifuwa chikukwera. Tsiku limene anadandaula kuti ndiwo zilibe mchere, mkazi wa mesinjala anati, "Awa safa, ayamba mwano." A kuchipatala atatilola kupita, sindinachedwe. Ndinkafuna kuwapereka matenda asanasinthe maganizo.

Masiku onsewo m'mutu mwanga munkakula ganizo. Ngati panjira pokha a Nkhoma akupezeka chonchi, mmodzi apa mmodzi apo, ndiye kumene tikupitako n'kumene amachokera. Ndinkaona mudzi wodzaza a Nkhoma, kumene munthu akatchula chiwongo palibe mutu umene umatembenuka. Sindinauze munthu. Ndinangochapa malaya anga tisananyamuke.

Titafika ku Zemba, mudziwo unali ngati wathu, nkhokwe zomwezo, mbuzi zomwezo. Bambowo analoza khonde lina pamene mayi wokalamba ankasenda mtedza. Mayiyo anakweza mutu. Anayang'ana njinga, anayang'ana ine, kenako anayang'ana munthu anali pakaliyala. Anaika lichero pansi pang'onopang'ono.

"Unapita ndi miyendo yako," anatero. "Wabwera pa njinga ya eni."

"Ndabwera, alongo."

"Ndikuona." Anaimirira, anabwera pafupi, anagwira mutu wa mlongo wawo. "Imvizi ndiye katundu wachokera naye ku Halale?"

Misozi inkatsika koma mawu sanasinthe. Akazi a m'mudzimo anabwera ndi nthungululu, anyamata anawatsitsa panjinga n'kuwakhazika pampando. Ine ndinatsamiritsa njinga pankhokwe. Manja anga anakana kutambasuka, anali atazolowera handulo. Ndinakhala pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokere kwathu sindinayang'ane chifuwa cha munthu.

Phokoso litachepa ndinafunsa mayi aja kuti a Nkhoma enawo nyumba zawo zili kuti.

"Enanso ati? Kuno ndife awiri, ine ndi mlongo wangayu. Ana anga ndi a Banda, anatengera bambo awo."

"Nanga kwawo kwa atate anu?"

"Atate anabwera kudzakwatira, monga anachitira atate ako. Kwawoko nakonso anali iwo ndi mlongo wawo basi."

"Ndiye mudzi wa a Nkhoma uli kuti?"

Anaseka mpaka anatsokomola. "Mudzi wa a Nkhoma kulibe, mwana wanga. Mwamuna amapita kukakwatira kwina, dzina n'kukalisiya kumeneko. Ana ake aamuna nawonso amapita kwina. Ifeyo tili ngati mango a m'njira, omera pamene wapaulendo anataya njere."

Ndinakhumudwa, ndisaname. Malaya ndinachapa pachabe. Ndinanena mokweza kuti ndiye dzina lachabechabe, lopanda kwawo.

"Tikanakhala tonse mudzi umodzi, panjirapa ukanagona kwa yani?" anatero mayiwo. Sanadikire yankho. Anagwada patsogolo panga, munthu wa msinkhu umenewo, n'kuomba m'manja. "Mwatibweretsera munthu ali moyo. Zikomo, a Nkhoma."

Dzinalo ndinali nditalimva moyo wanga wonse, koma nthawi zambiri kumbuyo kwake kunkabwera phwete. Apa sikunabwere kanthu. Sindinadziwe poyang'ana, ndiye ndinayang'ana mtedza.

Nditabwerera kwathu amalume anaizungulira njinga ngati akugula ng'ombe. Anapeza pamene luzi linakanda utoto ndipo analankhula mpaka anatopa. Sananene kuti tcheni chasiya kulira, ngakhale kuti ndinawaona akupukusa pedulo n'kutchera khutu. Bambo aja anali atandionetsa kamangidwe kake tili pa Chadiza. Msuweni wanga anafunsa kuti nsapato zija zili kuti.

"Munali masipanala."

"Ndiye uzivala masipanalawo."

Mvula itagwa tinadzala, ndipo titatha kupalira ndinauza amalume kuti ng'ombe zipeze munthu wina, ine ndikupita ku Zemba kukaphunzira njinga. Anati mwana wa mlongo wawo sangapite kukakhala kwa anthu osawadziwa. Amayi, amene kawirikawiri satsutsa amalume, anayankha ali chogwada.

"Achimwene, munanena nokha kuti ndi abale ake. Anthu anamva."

Amalume anayang'ana kumbali. Ndinapita.

Bambo aja ali moyo. Amatsimphina, ndipo kukazizira amatukwana chitsa cha kwa Apwitikizi. Timagwira ntchito pansi pa mtengo m'mbali mwa njira yopita pa Chadiza, iwo atakhala pabokosi, ine ndili chogwada. Njinga zikuchuluka, aliyense wobwerako kuntchito amabwera nayo, ndipo palibe njinga yosaphwa. Timakangana tsiku lililonse. Amati ndine wopupuluma, ine ndimati akanapupuluma iwo akanabwera kwawo asanamere imvi. Guluu tsopano ndimadikira aume. Masipoko ndimamanga ndekha. Nkhani ya osula ija ndinaisankha kuti ndiyo yoona, osati chifukwa ndili ndi umboni, koma chifukwa phiri lija sindinalione, pamene nyundo ndimaigwira.

Kwa mwana wamkazi wa bambo aja ndinapita ndekha, iwo atazengereza mpaka ndinatopa nawo. Ndinamupeza akusinja, mwana ali kumbuyo. Ndinamuuza kuti atate ake abwera. Anati, "Ndamva," n'kupitiriza kusinja. Sindinamunyengerere, pakuti nkhope imeneyo ndinkaidziwa, ndi yanga. Pochoka anandifunsa chiwongo. Nditatchula anaika munsi pansi, anakatunga madzi, n'kundipatsa atagwada. Anabwera kudzaona atate ake nthawi yokolola itatha. Sanalankhule zambiri, koma mwana wake uja anamusiya pamiyendo pawo kanthawi.

Za atate anga sindinamve kanthu mpaka lero. Sindinawakhululukire, ndipo sindikupita kukawafuna. Koma njira yochokera kwa Apwitikizi ikadali pomwepo, ndipo amayi ndinawauza kuti wina akadzagonanso pansi pa mango uja, asadikire kuti anthu atembenuze mitu, atume mwana adzandiitane. Njinga tsopano ndili nayo yanga, yakale, yolumikiza zidutswa za njinga zakufa. Belu ilibe. Koma kaliyala ndinaika wolimba.